Kuphunzitsa Olankhula Chitchaina Mawu a Chingerezi Onena za Kuchepa kwa Zinthu

Inu amene mumaphunzitsa Chingerezi anthu olankhula Chitchaina, ndikukupemphani kuti mawu onena za kuchepa kwa madzi, mafuta kapena nkhalango musamawapereke ngati mndandanda wongoloweza pamtima, chifukwa vuto lenileni lagona pa mneni. M'Chitchaina, mawu akuti jianshao amagwira ntchito pawiri: chinthu chikhoza kuchepa pachokha, ndiponso munthu akhoza kuchichepetsa. N'chifukwa chake wophunzira wakhama amalemba kuti "the drought dwindled the water", osadziwa kuti "dwindle" kawirikawiri satsatiridwa ndi chinthu chochitiridwa, pamene "deplete" ndiye amafuna kuti mutchule chimene chikumalizidwacho.

Ine ndimakonda kutenga chitsanzo cha kwawo kwa ophunzirawo, pakuti chimawakhudza mtima. M'chaka cha 1997, mtsinje wa Huang He wa ku China unakhala masiku 226 madzi ake osafika kunyanja. Pa bolodi lembani ziganizo zitatu za nkhani imodzi yomweyi: "The flow dwindled", "Irrigation depleted the river", ndi "Villages ran out of water". Kenako apatseni choko kuti adule mzere kunsi kwa wochita m'chiganizo chilichonse, ndipo mudzaona okha akuzindikira kusiyanako. Chiganizo chachitatucho muchedwepo ndithu, popeza kamawu ka "of" kamasowa tikatembenuza n'kunena kuti "The water ran out".

Musaiwalenso kuti mawu amodzi a Chitchaina akuti shao amaimira "less" ndi "fewer", choncho madzi, amene sawerengeka ("less water"), ndi zitsime, zimene zimawerengeka ("fewer wells"), muziphunzitsire limodzi.