Momwe mungazindikirire ndi kusunga zinthu zakale za matimu a softball a makampani a ku America

Kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1960, mafakitale ambiri ku America ankakhala ndi matimu a softball, masewera ofanana ndi baseball koma a mpira wokulirapo womwe amauponya mkono ukuchokera m'munsi. Zollner Pistons ya ku Fort Wayne, timu ya kampani yopanga mapisitoni, inatenga chikho cha Amateur Softball Association, bungwe loyendetsa masewerawa m'dzikolo, mu 1945, 1946 ndi 1947. Raybestos Brakettes, timu ya amayi ya ku Stratford, Connecticut, inayamba mu 1947 n'kutenga chikho chake choyamba mu 1958. Majezi, mabaji, zithunzi ndi timabuku ta masewero ta matimu otere masiku ano ndi malonda, makamaka pa eBay, msika wa pa intaneti. Chimakweza mtengo ndi umboni wa timu ndi chaka, osati kuwala kwa chinthucho.

Choyamba, funsani wogulitsa komwe chinthucho chinachokera, ndipo akutumizireni zithunzi za kutsogolo, kumbuyo ndi lebulo. Jezi yobwera ndi chithunzi cha wosewera ataivala, kapena ndi nyuzipepala ya kufakitale, imaposa kutali ya dzina lokhalokha.

Chachiwiri, werengani adiresi iliyonse yosindikizidwa. ZIP code, nambala ya positi ya ku America ya manambala 5, inayamba mu 1963, choncho kabuku kokhala nayo sikangakhale ka 1947, ngakhale wogulitsa alumbire. Nambala yaifupi pakati pa mzinda ndi dera, monga "Detroit 26, Michigan", ikuloza zaka za 1943 mpaka 1963.

Chachitatu, pepala liunikeni mumdima ndi tochi ya UV, ya kuwala kwapadera kotchedwa ultraviolet. Likawala mwabuluu ngati malaya ochapidwa ndi sopo waufa, muli mankhwala oyeretsa omwe anafala kuyambira m'ma 1950. Apa ambiri amanamizika: kusawala sikutsimikiza kuti ndi lakale, chifukwa mapepala ena atsopano nawonso sawala. Onjezani galasi lokuza maulendo 10. Chithunzi chenicheni chotsukidwa kuchokera ku filimu chilibe timadontho, pomwe cha pulinta ya lero chimakhala ndi timadontho tamitundu tomwazikana.

Chachinayi, tembenuzani jezi. Za nthawiyo zinali za ubweya wa nkhosa, thonje kapena nsalu yonyezimira ya satini, ndipo zilembo ankazisoka, nthawi zambiri ndi msoko wooneka ngati tcheni. Lebulo izikhala ya opanga odziwika monga Wilson, Rawlings kapena Spalding. Poliyesitala wokhuthala anafala m'ma 1970. Yang'aninso timabowo ta singano pozungulira dzina: timaulula kuti pamenepo panali dzina lina lomwe analisomola n'kusokapo la timu yotchuka.

Mukagula, musathamangire kuchapa. Ubweya umakhwinyata m'madzi otentha ndipo utoto wofiira wa zilembo umathamangira pansalu yoyera, osachokanso. Poopa njenjete, ikani jeziyo m'pulasitiki wotseka bwino, igone mufiriza wozizira -18°C kwa sabata yathunthu. Mukaitulutsa, dikirani maola 24 musanatsegule kuti chinyezi chigwere kunja kwa pulasitikiyo. Kenako igonekeni m'bokosi, mukuyala pepala lopanda asidi m'mapindo mwake. Pahang'ala yawaya mapewa amatambasuka n'kudetsedwa ndi dzimbiri.

Zikho zambiri ndi chitsulo chotchipa chokutidwa ndi utoto wagolide wopyapyala kwambiri. Brasso amaupala utotowo n'kusiya mawanga otuwa, ndiye burashi yofewa ndi nsalu youma zakwana. Mabaji akhale paokha, chifukwa dzimbiri la pini limadetsa chilichonse chogundana nalo. Zithunzi musazimate ndi makina a pulasitiki otentha kapena selotepi. Zilowetseni m'timatumba topanda pulasitiki wa mtundu wa PVC, ndipo ngati mukulemba kumbuyo, lembani ndi pensulo.

M'nyengo ya dzinja mdani wamkulu ndi nkhungu, yomwe imaphuka chinyezi chikapitirira 65 peresenti kwa nthawi yaitali. Bokosi likhale m'mwamba, kutali ndi khoma lakunja ndi dzuwa, muikemo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, ndipo muzilitsegula mwezi uliwonse kuona ngati pa zinthuzo, monga pachikopa cha golovesi, payamba kuyera ndi nkhungu.