Kasanthulidwe ka makatuni a osaka ma like, anthu aseke koma wojambula asapwetekeke

Pali mtundu wa makatuni womwe wadzaza pa intaneti, ojambulidwa ndi anthu wamba osati akatswiri, ndipo nkhani yake imakhala yomweyomweyo: kamunthu kaponya positi, kakudikira ma like, sakubwera, kenako kafufuta positi ija n'kukagona. Ine ndimawakonda kwambiri makatuni amenewa, ndipo chondisangalatsa koposa ndi kuwasanthula mopyola muyeso, kufunsa za kamzere kalikonse ngati kuti wojambula anakhala mwezi akukaganizira, chifukwa mukachita bwino owerenga amaseka komanso mwini wake amamva kuti pali wina wayang'anadi ntchito yake. Koma zili ndi kachitidwe kake, mukaphonya mumangosanduka munthu wonyoza basi.

Yambani ndi kusankha. Tengani katuni yomwe munthu wamkulu waiika yekha poyera, ya mwana wasukulu isiyeni, ya munthu yemwe akuoneka kuti maganizo akumuvuta zenizeni isiyeninso. Yophweka kuyambira ndi ya timabokosi tinayi, yomwe ku Japan amati yonkoma: koyamba kamayambitsa nkhani, kachiwiri kamaipitiriza, kachitatu kamakhota, kachinayi kamatseka. Ambiri ojambula pa foni sadziwa n'komwe dzina limeneli koma amatsata njira yomweyo, ndiye inu mukalidziwa muli ndi poyambira.

Kenako dziwani mtundu wake wa katuniyo, kwawo ndi kuti. Zambiri mwa izi ndi zidzukulu za ma rage comic omwe anayambira pa webusaiti ya 4chan mu 2008 n'kudzafalikira pa webusaiti ina yotchedwa Reddit, nkhope zojambulidwa mwachangu pa pulogalamu ya pa kompyuta ya MS Paint ngati Trollface ya Carlos Ramirez ndi Forever Alone uja wa chibwano chotupa yemwe aliyense amamuthawa. Pa Reddit munthu amapeza mapointi otchedwa karma anthu akamuvotera, ndiye panatuluka makatuni ambirimbiri odandaula za anthu osaka karma, amene eni ake anawaponya kuti nawonso apeze karma yomweyo. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse anzanga. Katuni yonena za njala ya ma like nayonso ili pamzere kudikira ma like, wojambula akuseka kamunthu kake uku akuyang'ana foni yake mphindi iliyonse, ndipo kusanthula kwanu kukagwira mfundo imeneyi mwachifundo ndiye kuti mwafika.

Tsopano kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri muyang'anitsitse. Tinene kuti kamunthu kake ndi ka timitengo, mutu wozungulira, koma foni yomwe kagwira ndi yaikulu kuposa mutuwo, ndipo m'katuni yonse yakuda ndi yoyera mtundu ulipo umodzi wokha, kadontho kofiira ka notifikeshoni. Osangodutsapo. Lembani kuti wojambula sanapatse munthuyu mphuno kapena makutu koma foni anaipatsa batire, netiweki ndi nthawi, funsani kuti ndani mwini nkhani pakati pa awiriwa. Onani batire ija ngati ikutsika kuchoka kabokosi koyamba kufika kachinayi, ngati inali 80% n'kufika 12% ndiye kuti munthuyu wadikira tsiku lonse ndipo wojambula watiuza osalemba liwu. Kabokosi kachitatu kawirikawiri kamakhala kokopera kachiwiri, angosintha kamwa kokha, ena amati ndi ulesi koma inu munene zomwe kukoperako kwachita, kuti nthawi yaima, munthu wauma pomwepo akudikira. Mwina wojambula sanaganize zimenezo, zilibe kanthu, zili papepala ndipo aliyense angazione.

Manambala nawo musawasiye. Ma like atatu ndi osiyana kwambiri ndi ziro, ziro munthu amadzitonthoza kuti mwina netiweki inavuta kapena anthu analibe bandulo, koma atatu ndiye kuti anthu anaona ndithu, ndipo mmodzi mwa atatuwo akakhala mayi ake a kamunthuko muli ndi ndime yathunthu yolemba. Zizindikiro zimakuuzaninso zaka za katuni. Batani la Like linafika pa Facebook mu 2009, tinkhope ta Love, Haha, Wow, Sad ndi Angry tinabwera mu 2016, ndiye mukaona kamunthu kakulira chifukwa wina waika Haha pa positi yake ya mumtima mukudziwa kuti ululu umenewo ndi wa kuyambira 2016 kupita m'tsogolo. Instagram inayamba kuyesa kubisa chiwerengero cha ma like mu 2019, komabe ojambula sanasiye kujambula nambala, chifukwa popanda nambala nkhani yawo ilibe miyendo.

Polemba, mawu anu akhale odekha ngati a mphunzitsi akufotokoza pa bolodi. Musaike kkkkk, musaike tinkhope toseka, musauze owerenga kuti apa sekani. Chomwe chimaseketsa ndi kukula kwa chidwi chanu poyerekeza ndi kuchepa kwa chinthucho, ndime zisanu zofotokoza chifukwa chomwe mkono wamanzere ndi wautali. Mukafuna chitsanzo cha kalembedwe kameneka onani webusaiti ya explainxkcd, komwe anthu amafotokoza katuni iliyonse ya xkcd ya Randall Munroe mzere ndi mzere, timunthu ta timitengo tomwe koma mafotokozedwe otalika kuposa katuniyo. Ndipo chilichonse chomwe mwanena chikhale ndi umboni, tengani sikirinishoti muzungulize ndi mzere wofiira pomwe mukunenapo, mukayamba kupeka zinthu zomwe palibe anthu amazindikira msanga ndipo kukoma kumatha.

Pali malire omwe ndikufuna muwamvetse bwino. Mu Juni 2008 Tim Buckley, wojambula katuni ya pa intaneti ya Ctrl+Alt+Del yomwe inali ya nthabwala za magemu, anatulutsa katuni ya timabokosi tinayi yotchedwa Loss, yopanda mawu, yonena za mayi yemwe wapita padera. Anthu anaisanthula mpaka kuichepetsa kukhala timizere tokha, kamodzi, tiwiri, tiwiri, kenako kamodzi koima ndi kena kogona, ndipo mpaka lero anthu amabisa timizere timeneti m'zithunzi zina. Luso lake ndi lodabwitsa ndithu, limaonetsa kuti kaimidwe ka anthu m'timabokosi kamanyamula nkhani pakokha, koma kumbuyo kwake kunali nkhani ya chisoni yomwe inasanduka choseweretsa kwa zaka. Inu santhulani mizere, mitundu, manambala ndi mawu. Za nkhope ya wojambula, banja lake, kaya alibe anzake, izo si zanu. Munthu wojambula za kufuna kuvomerezedwa wadziulula kale pang'ono, si bwino kumuponda pomwepo.

Dzina kapena siginecha yake musadule pa chithunzi, ndipo mutchuleni poyamba penipeni. Ngati ali ndi omutsatira ochepa mulembereni ku inbox musanaponye, muonetseni zomwe mwalemba, ambiri amasangalala mpaka kukuuzani zina zomwe simunazione, monga kuti anajambula ndi chala pa app ya ibisPaint ali mu minibasi ndiye n'chifukwa chake mzere wa kabokosi kachinayi wapindika. Akanena kuti ayi, sakani ina, zilipo zambiri. Akavomera mufunseni ngati mungaikemo za minibasizo, ndipo pansi pa positi yanu ikani link yopita ku tsamba lake kuti amene aseka akathe kukaona zina zomwe wajambula.