Masamu pa tchuthi chachitali: limbitsani zomwe mwana waphunzira kale

Mwana akatsala pang'ono kulowa makalasi apamwamba a pulayimale, makolo ambiri amathamangira kumupezera buku la kalasi yomwe akupitayo kuti akayambe ali patsogolo pa anzake. Maganizowo ndi abwino, koma langizo langa ndi lina: tchuthichi chikhale cholimbitsa zomwe mwanayo waphunzira kale, makamaka kuchulukitsa, kugawa ndi mafulakishoni. Zatsopanozo aphunzitsi akamuphunzitsa. Chomwe iwo sangathe ndi kubwerera naye m'mbuyo yekha pamene anzake onse akudikira.

Kuiwala pa tchuthi si ulesi wa mwana. Mu 1996, Harris Cooper ndi anzake ataunika kafukufuku wosiyanasiyana wa m'sukulu, makamaka za ku America, adapeza kuti ana amabwera ku tchuthi chachitali atataya nzeru za pafupifupi mwezi umodzi, ndipo luso lowerengetsera nambala ndi lomwe limatsika kwambiri kuposa lowerenga mawu. N'zomveka: mawu mwana amakumana nawo tsiku ndi tsiku, koma 7 × 8 amakumana nayo pokhapokha wina atamufunsa.

Yambani mwaona pomwe pali vuto. Mulembereni 402 − 178 ndipo mumusiye asove yekha. Akapeza 224, zili bwino. Akapeza 376, musamukalipire, chifukwa yankholo likukuuzani chinthu chofunika: pa mzere uliwonse akungochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu, ndiye kuti kubwereka sadakumvetse. Mwana wotere mubwerere naye ku timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, amasule yekha mtolo aone komwe khumi lobwerekalo likuchokera.

Kenako matebulo a kuchulukitsa. Apa ndipo ndimalimbikira kwambiri, popeza kugawa nambala zazitali, mafulakishoni ndi mapelesenti zonse zimadalira pomwepa. Mwana yemwe amawerengabe zala kuti apeze 6 × 7 amafika pakati pa samu ataiwala kale chomwe funso limafuna. Mulimbitseni mtima pomuonetsa kuti ntchitoyi ndi yochepa kusiyana ndi mmene imaonekera. Kuyambira 1 × 1 kufika 10 × 10 pali masamu 100, koma poti 3 × 8 ndi chimodzimodzi 8 × 3, otsala ndi 55 okha. Mukachotsapo a 1, 2, 5 ndi 10, omwe ana ambiri savutika nawo, otsala ndi 21. Ovutitsitsa ndi monga 6 × 7, 6 × 8, 7 × 8 ndi 7 × 9. Asangoloweza ngati nyimbo kuchokera poyambira, ayi, adziwenso njira yopezera yankho akaiwala. Pa 7 × 8 atha kupeza kaye 7 × 4, yomwe ndi 28, n'kuiwirikiza kawiri kukhala 56. Pa 7 × 9 atenge 70 n'kuchotsapo 7. Pofunsa muzisakaniza, ndipo muzitembenuzanso funso: "Kodi 56 mukumugawa kwa anthu 8, aliyense alandira zingati?"

Mafulakishoni amafuna kuleza mtima kwapadera. Robert Siegler ndi anzake adaonetsa mu 2012, pounika zotsatira za ana a ku America ndi ku Britain, kuti mwana akamvetsa mafulakishoni ndi kugawa ali ku pulayimale, nthawi zambiri amadzakhozanso bwino masamu a ku sekondale. Vuto lake ndi loti mafulakishoni amatsutsana ndi zomwe mwana adazolowera. Iye akudziwa kuti 8 ndi wamkulu kuposa 4, choncho amati 1/8 ndi wamkulu kuposa 1/4. Musatsutsane naye pakamwa. Dulani timapepala titatu totalika mofanana, apinde kena m'zigawo ziwiri zofanana, kena m'zigawo zinayi, kena m'zigawo zisanu ndi zitatu, kenako ayerekeze zigawozo. Aona yekha kuti zigawo zikachuluka, chilichonse chimachepa, ndiponso kuti 2/4 ndi 4/8 zikufika pamalo amodzi ndi theka. Akazindikira zimenezi, jambulani mzere woyambira pa 0 kulekeza pa 1, aloze pomwe pali 3/4. Mwana wodziwa kuchita izi sangavomere kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 ndi 2/5, chifukwa aona kuti 2/5 safika ndi pa theka pomwe.

Masamu a nkhani musawaiwale. Funso limodzi patsiku ndi lokwanira, koma asanagwire pensulo alifotokoze kaye m'mawu akeake, ndipo anene kuti yankho likhala pafupi ndi nambala iti.

Nthawi yake ikhale yochepa koma ya kawirikawiri. Mphindi 15 masiku asanu pa sabata zimathandiza kuposa maola awiri a tsiku limodzi, popeza chinthu chimakhazikika m'mutu munthu akamachikumbukira mobwerezabwereza patadutsa kanthawi. Sankhani nthawi imodzi yodziwika, mwana asanatope ndi masewera, ndipo ikakwana lekani ngakhale zikuyenda bwino.

Inu makolo, ngakhale masamu adakuvutani kale, mawu oti "ifenso masamu sitinkawatha" asatuluke mwana akumva, chifukwa amawatenga ngati chilolezo chogonjera. Simukuyenera kudziwa yankho lililonse. Funso loti "Wapeza bwanji? Tandionetsa" ndi lokwanira, ndipo pofotokozapo mwana nthawi zambiri amadzigwira yekha pomwe walakwitsa. Zomwe zakanikabe pofika kumapeto kwa tchuthi muzilembe pakapepala, mukapatse aphunzitsi ake atsopano sabata yoyamba sukulu ikatsegulidwa.