Mmene ndinathanirana ndi kakolo wobinyabinya

Kakolo wanga wakumanja ankangobinyabinya tikamasewera mpira Lamlungu pabwalo lamiyala ku Bangwe. Kutupa kunkatha, ululu n'kuzirala, koma ndikangokhota ndi mpira basi, thyo! Wa fiziyo (wothandiza ovulala kuchira pochita mafizo) kuchipatala cha Queens anandifotokozera kuti mitsempha ya pakakolo ikavulala, phazi limasiya kumva bwino pomwe laponda, ndiye limapindikanso mosavuta.

Anandipatsa zokachita kunyumba. Ndinkaima ndi mwendo umodzi potsuka mano, kenako nditatsinzina, kenako papilo. Apo mpamene thukuta linatuluka. Ndinkakokanso chubu cha njinga ndi phazi, kulowera kunja. Kubwalo ndinabwerera pang'onopang'ono: kuthamanga molunjika kaye, zokhotakhota pambuyo pake. Pano ndimamanga bandeji ndisanavale nsapato, ndipo masewera ndimamaliza osatsimphina.