Wokumba chitsime akakuwa kuti "ndikokeni", mukokeni

Okutobala akafika madzi amatsika m'zitsime za kumadimba, ndipo ambiri timatuma anyamata kuti akakumbe mozamitsa. Tisanamange chingwe, alimi anzanga, tigwirizane chinthu chimodzi. Munthu ali pansi akayamba kupuma mwawefuwefu, mtima kugunda kwambiri, thukuta lili kamukamu, n'kukuwa kuti mumukoke, mukokeni pomwepo. Musamuseke kuti ndi wamantha kapena waulesi. Sanaonenso mizimu ayi.

Kawirikawiri chimene chamugwira ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe uja timatulutsa popuma. Kunja kuno ulipo wochepa zedi, pafupifupi 0.04 peresenti. Vuto lake ndi wolemera kuposa mpweya wamba, ndiye umakhazikika pansi pa dzenje monga achitira madzi. Umachokera m'nthaka, m'masamba owola ogwera m'chitsime, komanso m'mapapo a wokumbayo. Maso sauona, mphuno siziumva.

Amene amaumva ndi ubongo. Mpweyawu ukachuluka m'thupi, asidi amakwera m'magazi, ndipo ubongo umalamula kuti munthu apume mofulumira ndi kuthawa. Mantha ake amabwera mwadzidzidzi, munthu n'kuona ngati akumira kapena akufa, maganizo n'kusokonekera, mutu n'kuyamba kuwawa. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Iowa ku America anapumitsa mpweya wokhala ndi 35 peresenti ya carbon dioxide odwala atatu amene kachigawo ka ubongo koyendetsa mantha, kotchedwa amygdala, kanawonongeka. Mmodzi mwa iwo sankaopa ngakhale njoka. Onse atatu anagwidwa ndi mantha aakulu. Ndiye mnyamata wathu wa m'mudzi angalimbe bwanji mtima?

Mantha amenewa ine ndimawalemekeza, chifukwa amabwera munthu akadali ndi mphamvu zokuwa. Mpweyawu ukafika 10 peresenti amakomoka m'mphindi zochepa. Ku Cameroon mu 1986 unatuluka m'nyanja ya Nyos usiku, n'kupha anthu opitirira 1,700 m'midzi ya m'zigwa.

Choncho chitsime chimene chakhala chovundikira, chitseguleni chikhale kaye. Mangani nthambi zamasamba ambiri kuchingwe, muzitsitse ndi kuzikweza kambirimbiri kuti mpweya usinthane. Kenako tsitsani kandulo yoyaka mpaka pansi. Ikazima, asalowe munthu. Ikapitiriza kuyaka musatayirirebe, poti kandulo imatha kuyaka pamene mpweya wafika kale povulaza munthu. Wolowayo amange chingwe m'chiuno, pamwamba pakhale anthu awiri amphamvu oyankhula naye nthawi zonse, ndipo azituluka pafupipafupi kudzapuma.

Injini ya pampu isalire m'chitsime kapena pakamwa pake. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, yemwe uja wa pambaula ya makala m'nyumba yotseka. Ameneyo ndi wina, sachititsa munthu befu lomuchenjeza, amangomufooketsa n'kumugoneka.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti chitsime chimodzi chimatha kutenga anthu awiri kapena atatu a banja limodzi, wina atalumphiramo kukapulumutsa m'bale wake. Wina akakomoka pansi, mukokeni ndi chingwe chimene wamanga chija, musamutsatire. Akatuluka mugonekeni chammbali pamalo opita mphepo, mumasuleni zovala, ndipo ngakhale atsitsimuke n'kunena kuti ali bwino, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.