Kuwerengera maola a ulendo wa pandege: chitsanzo cha London ndi New York

Mlongo wanga anandiimbira foni tikiti ili m'manja. Inalembedwa kuti ndege inyamuka ku London 10 koloko m'mawa, ikatera ku New York 1 koloko masana. "Achimwene, ndiye kuti ndi maola atatu okha?" Ndinamuuza kuti akonzekere kukhala pampando maola 8. Nthawi ya pa tikiti ndi ya mzinda umene mukunyamukira ndi ya mzinda umene mukufikira, uliwonse ndi wotchi yake, ndipo pafupifupi chaka chonse wotchi ya ku New York imatsalira ndi maola 5. Musanachite china chilichonse, yambani mwakonza kusiyana kumeneku.

Kenako pezani mtunda. Musayeze ndi lula pa mapu apakhoma, adzakunamizani, chifukwa dziko ndi lobulungira. Tengani mpira wa mapu a dziko uja, mukoke ulusi kuchoka pa mzinda wina kufika pa unzake. Njira ya ulusiwo ndiye yachidule. Mudzaona kuti sukudutsa pakati penipeni pa nyanja ya Atlantic monga momwe maso amaganizira, koma ukukwera chakumpoto, kudzera ku Ireland mpaka kufupi ndi Newfoundland ku Canada. Pa intaneti, lembani zilembo zitatu za bwalo la ndege lililonse, LHR ya Heathrow ku London ndi JFK ya ku New York, mupeza makilomita pafupifupi 5,550.

Masamu ake ndi apafupi. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zikafika m'mwamba zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola. Gawani 5,550 ndi 850, mupeza maola 6 ndi theka. Onjezerani mphindi 30 zoyenda pansi pabwalo, zokwera ndi zotsika. Akwana maola 7.

Nanga ola lina la mlongo wanga lija likuchokera kuti? Apa ndi pamene ine pamandisangalatsa kwambiri. Kumwamba kumene ndege zimauluka, makilomita 10 kapena kuposerapo kuchoka pansi, kuli mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, imene imawomba kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa. Yopita ku London mphepoyi imaikankha kuchokera kumbuyo, pamene yopita ku New York imalimbana nayo kapena kuizemba. N'chifukwa chake mtunda womwewo umatenga maola 7 mbali ina, 8 mbali inayo. M'nyengo yozizira ya kumeneko mphepoyi imachita kunyanya: mu February 2020, nthawi ya mkuntho wa Ciara, ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inachoka ku New York n'kukatera ku London m'maola 4 ndi mphindi 56 zokha.

Ulendo wolowera kumpoto kapena kum'mwera suvuta chonchi. Johannesburg ndi London zatalikirana makilomita oposa 9,000, ulendo wake ndi wa maola pafupifupi 11 popita ndi pobwera pomwe, ndipo mawotchi amangosiyana ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo.

Ngati mukasinthira ndege panjira, werengerani chigawo chilichonse pachokha, muphatikize ndi maola odikira pabwalo. Ndipo wokakuchingamirani mum'patse nthawi yotera monga yalembedwera pa tikiti, chifukwa imeneyo ndi ya wotchi yakwawo kale. Mungoonetsetsa tsiku: chizindikiro cha +1 pafupi ndi nthawiyo chikutanthauza kuti mufika mawa lake.