Musagulitse puloti chifukwa cha malipiro a dokotala wa nsagwada ku UK

Achimwene ndi achemwali a ntchito ya mano, tamverani. Ndalama za malipiro a ku UK zomwe akukuonetsani pa WhatsApp zija, zopitirira £100,000 pachaka, si zabodza. Kungoti si zanu.

Amalandira zimenezo ndi consultant, dokotala wamkulu wa ukatswiri, wa NHS, bungwe la zipatala za boma kuno ku UK. Kuti munthu azichita maopaleshoni a nsagwada ndi nkhope, omwe kuno amati OMFS, amafunika madigiri awiri, ya mano ndi ya udokotala, kuonjezapo zaka zina za ukatswiri. Ine ejenti amene anandilonjeza ntchito kuno sanandiuze zimenezi.

Tinakumana ku Lilongwe, pamalo ena odyera. Munthu wa suti, mafoni awiri patebulo, nkhuku analipira yekha. Anandionetsa pepala la malipiro, chala chili pa nambala yaikuluyo, n'kunena kuti ndikafika ndi miyezi itatu basi ndiyamba kuzula mano m'chipatala. Ndinagulitsa puloti yanga ndi galimoto kuti ndimulipire. Mayi anandifunsa kawiri kuti, "Mwanawe, munthuyu ukumudziwa?" Ndinawaseka.

Nditatsika ndege, ntchito inali yosamalira okalamba. Manja omwe anazolowera kusoka nkhama ankasintha matewera mpaka mbandakucha. Sindikunyoza ntchitoyo, inandidyetsa. Chimandiwawa n'choti nditamuimbira ejenti uja anangoti ndipirire, sabata yotsatira nambala osapezekanso. Pambuyo pake ndi pomwe ndinamva kuti lamulo la kuno limaletsa ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, komanso kuti Malawi ali pa mndandanda wa WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, wa mayiko omwe UK siyenera kukakopako ogwira ntchito zaumoyo. Kufunsira wekha n'kololedwa. Ndiye wina akakutsatani yekha kumudziko ndi malonjezo, mukudikiranso chizindikiro chanji?

Njira yoti mugwire ntchito ya mano kuno ndi iyi: kalata ya Medical Council of Malawi, mayeso a Chingerezi, mayeso a ORE (a madokotala a mano ophunzira kunja kwa UK) magawo awiri, kenako kulembetsa ku GDC, bungwe lopereka chilolezo kwa ogwira ntchito ya mano. Popanda GDC simukhudza dzino la munthu. Malo a ORE amatha msanga, ndipo gawo lachiwiri limadya mapaundi masauzande. Wina akakuuzani kuti muyambe mwalembetsa ngati therapist, udindo wotsikirapo pa wa dokotala wa mano, ndi digiri yanu ya udokotala wa mano, dziwani kuti khomo limenelo linatsekedwa mu 2023.

Mukadutsa, malipiro amatengera komwe mwaima. M'chipatala cha NHS pali masikelo okhazikika, simungakambirane ngati pa msika wa Tsoka, koma penshoni ilipo. M'makiliniki ambiri mumakhala wodzilemba nokha, ntchito ya NHS ku England imawerengedwa mu ma UDA, mapointi a chithandizo chomwe mwapereka, ndipo mtengo wa UDA imodzi mumagwirizana ndi mwini kiliniki. Musasaine musanaufunse, chonde. Ndalama zonona zili ku odwala olipira okha, makamaka ma implant, mano oikirira omangidwira m'fupa la nsagwada, koma palibe amapatsa mlendo wangofika kumene odwala amenewo.

Ndipo lekani kusintha mapaundi kukhala makwacha m'mutu! Ku England ndalama zopitirira £50,270 pachaka msonkho wake ndi 40%. Chotsaninso inshulansi yokutetezani wodwala akakusumirani, ndalama ya GDC chaka ndi chaka, lendi, ndi fizi ya ana a alongo anu omwe amva kale kuti amalume ndi dokotala ku Ulaya.

Puloti ija ndinaiona chaka chatha ndili kutchuthi. Wogulayo wafika pa lintala.